Bala la ku usilikali ndi ndalama ya boma: mafunso ndi mayankho pa chipukutamisozi cha asilikali opuma ku America

Ku America, msilikali amene wavula yunifolomu ali ndi matenda kapena ulumali womwe anautengera ku ntchitoyo amayenera kulandira ndalama kuchokera ku boma mwezi ndi mwezi. Ndalamazi zimadzera ku unduna woona za asilikali opuma, Department of Veterans Affairs, womwe kumeneko amangoutchula kuti VA. Ambiri amene amakanizidwa ndalamazi matenda amakhala ali nawo ndithu. Chomwe chimawavuta ndi kusonyeza kuti matendawo anachokera ku usilikali, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Kodi ndalama zimenezi ndi penshoni?

Ayi. Penshoni ya usilikali nthawi zambiri amalandira ndi amene wagwira ntchitoyo zaka 20. Palinso thandizo lina la VA la asilikali a nthawi ya nkhondo omwe ndi okalamba kapena olumala ndipo akusowa pogwira, ndipo limenelo limayang'ana m'thumba mwa munthu. Chipukutamisozi cha ulumali sichifunsa kuti muli ndi chuma chanji. Chimafunsa chabe kuti usilikali unakuchotserani chiyani m'thupi kapena m'maganizo. Boma silidulapo msonkho, ndipo munthu akhoza kumalandira uku ali pa ntchito ina ya malipiro abwino. Ine ndimaiona ndalamayi ngati ngongole imene dziko likubweza kwa munthu yemwe linamubwereka thupi lake lili langwiro, ndipo msilikali asamachite nayo manyazi.

Kodi munthu ayenera kuti anamenyapo nkhondo?

Ayi, ndipo ambiri amadzimana okha chifukwa choganiza choncho. Wophika, makaniko wa ndege, kalaliki wa muofesi, onse ali ndi ufulu wofanana ndi amene anali kutsogolo ndi mfuti. Chofunika n'chakuti kuvulalako kapena matendawo anachitika munthuyo ali pa usilikali. Wothyoka mwendo akusewera mpira pa kampu amawerengedwa, ngakhalenso wochita ngozi ya galimoto ali patchuthi. Chomwe VA siilipira ndi vuto lodza chifukwa cha kulakwa kwadala, monga kuchita ngozi chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera. Kuyambira mu 1998, matenda odza chifukwa cha fodya amene munthu ankasuta ali msilikali salipidwanso.

Palinso nkhani ya mmene munthu anachokera pa ntchito. Aliyense wotuluka amapatsidwa chikalata chotchedwa DD214, chomwe chimanena nthawi imene wagwira ntchito ndi mmene watulukira. Wotuluka mwaulemu alibe vuto. Wochotsedwa mwachipongwe ndi khoti lalikulu la asilikali amataya ufuluwu. Pakati pa awiriwa pali ena ochotsedwa chifukwa cha zolakwa zocheperapo, ndipo kwa iwowa VA imaunika payokha zomwe zinachitika. Munthu akhozanso kupempha nthambi yake ya usilikali kuti isinthe zimene inalemba. Zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa alipo asilikali amene anayamba kujomba, ndewu ndi mowa atabwerera ku nkhondo ali osokonezeka maganizo, n'kuchotsedwa chifukwa cha khalidwe lomwe kwenikweni linali chizindikiro cha matenda.

Asilikali a National Guard ndi a Reserve, omwe amakhala kwawo n'kumaitanidwa nthawi ndi nthawi, nawonso amayenerera ngati anavulala ali pa maphunziro kapena ataitanidwa ku ntchito.

Nanga VA imafuna umboni wotani kuti ivomere?

Imafuna zinthu zitatu, ndipo chimodzi chikasowa pempho limagwa.

Choyamba, pakhale vuto lomwe munthu ali nalo lero, makamaka loti dokotala waliona n'kulilemba. Kuvulala kwakale komwe kunapoleratu osasiya kanthu sikulipidwa. Chachiwiri, pakhale chinthu chomwe chinachitika ali msilikali: anagwa, anadwala, bomba linaphulika pafupi naye, anakhala zaka akugwira ntchito pafupi ndi injini za ndege. Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphunthwa, pakhale mawu a dokotala olumikiza ziwirizo, onena kuti vuto la leroli linachokera ku chomwe chinachitika kale chija.

Tiyerekeze ndi munthu amene anali m'gulu la asilikali odumpha m'ndege. Patha zaka 15 chitulukireni, ndipo mawondo akumuvuta moti pokwera masitepe amachita kugwira khoma. Dokotala wapeza nyamakazi. Mabuku a usilikali akusonyeza kuti anadumpha kambirimbiri, ndipo kamodzi anapita ku chipatala cha pa kampu bondo litatupa. Zinthu ziwiri zoyamba zilipo. Koma VA ikhoza kunena kuti nyamakazi imabwera ndi ukalamba, kapena ndi ntchito ya zomangamanga imene wakhala akugwira atatuluka. Apa pafunika dokotala amene wawerenga mbiri yonse n'kulemba, ndi zifukwa zake, kuti kudumpha kuja ndiko kunayambitsa.

Chosangalatsa n'chakuti dokotalayo sachita kulumbira kuti alibe chikaiko chilichonse. Lamulo limangofuna kuti mwayi woti usilikali ndiwo unayambitsa ukhale theka kapena kuposerapo. Umboni wa mbali ziwiri ukalemera mofanana, msilikali ndiye amapambana. Lamuloli linaikidwa dala kuti likondere msilikali, ndipo ndikuona kuti n'zoyenera, chifukwa mabuku onse amasunga ndi boma, pomwe msilikali anangotuluka ndi thupi lake lowawa. VA ilinso ndi udindo wothandiza kufunafuna mabuku a chipatala ndi a usilikali, sikuti imangokhala pansi kudikira.

Asilikali ambiri sapita ku chipatala akavulala. Ngati palibe chomwe chinalembedwa, ndiye kuti zathera pomwepo?

Ili ndi vuto lenileni. Usilikali umaphunzitsa munthu kulimba mtima. Wopita ku chipatala chifukwa cha msana amaopa kuoneka wofooka, amaopa kusiya anzake akupita kutsogolo, amaopa kuphonya kukwezedwa. Amameza mapilitsi n'kunyamulanso katundu wake. Kupirira komwe kunamupanga kukhala msilikali wabwino ndi komwenso kumadzamusowetsa umboni zaka zikapita.

Komabe sizithera pomwepo. VA imalandira umboni wa anthu wamba. Mnzake amene anali naye tsiku lomwe anagwa pa lole akhoza kulemba zimene anaona. Mkazi wake akhoza kufotokoza kuti mwamuna amene anapita ankagona tulo bwinobwino, koma amene anabwerera amadzidzimuka usiku thukuta lili kamukamu. Makalata amene ankalembera makolo ake, zithunzi, malisiti a mankhwala, zonsezi zimathandiza. Kwa amene anamenyadi nkhondo, mawu ake okha akhoza kukwanira kusonyeza kuti chinthucho chinachitika, ngati zikugwirizana ndi mmene zinthu zinalili kumaloko, poti palibe amene amalemba m'kaundula zipolopolo zikuuluka.

Nthawi zina mabuku amasowa popanda kulakwa kwa msilikali. Pa 12 July 1973, moto unabuka ku nyumba yosungira mbiri za asilikali ku St. Louis ndipo unawononga mafailo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, ambiri a asilikali a pamtunda ndi a ndege za nkhondo a zaka za m'mbuyo. Kwa anthu amenewa VA imayenera kufunafuna umboni wina ndi kusamala kwambiri isanakane.

Pa matenda a m'maganizo odza chifukwa cha zoopsa zimene munthu anaona, omwe amadziwika kuti PTSD, malamulo anafewetsedwa mu 2010. Msilikali amene anali kumalo a nkhondo ndipo ankakhala mwamantha ndi adani sachitanso kusonyeza tsiku ndi malo a chochitika chimodzi, bola dokotala wa VA wa za maganizo avomereze. Palinso asilikali, akazi ndi amuna omwe, amene anagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza zogonana ali pa ntchito. Ambiri mwa iwo sanauze munthu aliyense. VA imaloledwa kuyang'ana zizindikiro zina: anapempha kusamutsidwa mwadzidzidzi, ntchito yake inalowa pansi popanda chifukwa chodziwika, anakayezetsa matenda opatsirana pogonana, anayamba kumwa mowa kwambiri.

Bwanji ngati munthu analowa usilikali ali nalo kale vutolo?

Aliyense amayezedwa polowa. Ngati madokotala sanalembe vutolo tsiku limenelo, lamulo limamutenga kuti analowa ali wangwiro, ndipo VA ndiyo iyenera kubweretsa umboni wosatsutsika ngati ikufuna kunena zina. Ngati vutolo linalembedwa, munthu akhozabe kulipidwa akasonyeza kuti usilikali unalikulitsa kuposa mmene likanakulira palokha.

Matenda obadwa kuchokera ku matenda ena nawonso amawerengedwa. Bondo lamanja lovulala limachititsa munthu kutsimphina, ndipo pakapita zaka chiuno chakumanzere chimayamba kuwawa. Shuga amawononga maso, impso ndi mitsempha ya m'mapazi. Ululu wosatha umabweretsa matenda a nkhawa. Ngati vuto loyamba linavomerezedwa, otsatirawa akhoza kuvomerezedwanso.

Timamva kuti pali matenda ena omwe safuna umboni wa dokotala wolumikiza uja. Ndi ati?

Alipo, ndipo mbiri yake ndi yowawa, chifukwa pafupifupi onse analowa m'lamulo asilikali atadandaula kwa zaka zambiri, ena atamwalira kale.

Pa nkhondo ya ku Vietnam, ndege za America zinkapopera mankhwala opha zomera, otchuka kwambiri ndi Agent Orange, pofuna kuyoyola masamba a nkhalango zomwe adani ankabisalamo. Mankhwalawo anali ndi poizoni wotchedwa dioxin. Asilikali atabwerera anayamba kudwala khansa ndi matenda ena, koma panalibe amene akanatha kuloza tsiku lomwe mankhwalawo anamugwera. Mu 1991 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Agent Orange Act. Tsopano amene anali ku Vietnam pakati pa 9 January 1962 ndi 7 May 1975 amatengedwa kuti mankhwalawo anamukhudza, ndipo akadwala matenda omwe ali pa mndandanda, monga shuga wa mtundu wachiwiri, khansa ya prostate, Parkinson's kapena matenda otseka mitsempha ya mtima, safunsidwanso kulumikiza. Asilikali a pamadzi amene anali m'sitima kufupi ndi gombe anasiyidwa kunja mpaka mu 2019.

M'badwo wa ku Iraq ndi Afghanistan unakumana ndi zake. Pa makampu ambiri ankakumba maenje akuluakulu n'kumatayamo chilichonse: mapulasitiki, matayala, mabatire, penti, zotsalira za ku chipatala. Ankathirapo mafuta a ndege n'kuyatsa, ndipo moto unkayaka usana ndi usiku. Utsi wakuda unkalowa m'matenti momwe asilikali ankagona, unkamatirira pa zovala ndi pa chakudya. Kwa zaka zambiri, ambiri odandaula za mapapo ankabwezedwa. Pa 10 August 2022 Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo la PACT Act, lomwe linatchulidwa dzina la Heath Robinson, msilikali amene anamwalira ndi khansa ya m'mapapo atatumikira ku Iraq. Lamuloli linaonjezera matenda oposa 20, kuphatikizapo mphumu yoyamba munthu atatuluka usilikali, matenda okhalitsa a m'mphuno ndi m'mapapo, khansa ya mu ubongo ndi ya kapamba. Limakhudza amene anatumikira ku Iraq, Kuwait, Saudi Arabia, Somalia ndi maiko ena kuyambira pa 2 August 1990, komanso ku Afghanistan, Djibouti, Syria ndi kwina kuyambira pa 11 September 2001. Linaikanso kuthamanga kwa magazi pa mndandanda wa Agent Orange.

Poizoni wina anali kwawo konko. Pa kampu ya Camp Lejeune ku North Carolina madzi akumwa anali oipitsidwa ndi mankhwala, ndipo amene anakhalapo masiku osachepera 30 pakati pa 1 August 1953 ndi 31 December 1987 ali ndi mndandanda wawo wa matenda.

Palinso lamulo la chaka chimodzi. Matenda ena okhalitsa, monga nyamakazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, akaonekera mokwanira chaka chisanathe chitulukireni, amatengedwa kuti anayambira ku usilikali. Chifuwa chachikulu chimapatsidwa zaka 3. Malungo nawo alimo, kwa amene anatumikira ku maiko otentha.

Akavomereza, amadziwa bwanji kuchuluka kwa ndalama?

Nthawi zambiri munthu amaitanidwa kukayezedwa, kuyeza komwe amakutcha C&P. Dokotala wa tsiku limenelo sapereka mankhwala, ntchito yake ndi kulemba zimene wapeza. Pa bondo, amamugoneka munthu pa bedi, n'kuika kachipangizo koyezera madigiri pambali pa mwendo, n'kumuuza kuti apinde. Bondo labwino limapinda mpaka madigiri 140. Likaima pa 45 ndi 10 peresenti, pa 30 ndi 20 peresenti, pa 15 ndi 30 peresenti. Msilikali wozolowera kupirira amaluma mano n'kupinda kupitirira pomwe ululu wayambira, ndipo akafunsidwa kuti ali bwanji amayankha kuti ali bwino. Zimenezi zimalembedwa momwemo. Woyezedwa anene pomwe ululu wayambira, afotokoze mmene zimakhalira pa masiku oipa, osakokomeza komanso osabisa. Kujomba tsiku loyezedwali popanda chifukwa kukhoza kugwetsa pempho lonse.

Vuto lililonse limapatsidwa peresenti kuyambira 0 mpaka 100, modumpha makumimakumi. Kulira kwa m'makutu, lomwe ndi vuto lofala kwambiri pakati pa olandira, kumapatsidwa 10 basi. Zero peresenti siibweretsa ndalama, koma isanyozedwe: ikutanthauza kuti VA yavomera kuti vutolo ndi la ku usilikali, idzalisamalira ku chipatala, ndipo likadzakula munthu adzangopempha kuti akweze.

Mavuto akakhala angapo, sawaphatikiza monga timachitira pa masamu a kusukulu. Munthu amayamba ali wathunthu, 100. Msana ukapatsidwa 50, watsala ndi 50. Bondo likapatsidwa 30, amatenga 30 peresenti ya 50 wotsalayo, yomwe ndi 15. Zonse pamodzi ndi 65, ndipo amaikweza kufika pa 70. Amene ankayembekeza 80 amaona ngati amubera, koma ndi mmene lamulo lilili, ndipo n'chifukwa chake kufika pa 100 n'kovuta. Mu 2025, 10 peresenti inkabweretsa madola 175 ndi masenti pa mwezi, pomwe 100 peresenti inkabweretsa madola 3,831 kwa msilikali wopanda banja. Kuyambira pa 30 peresenti, amaonjezera ndalama za mkazi kapena mwamuna, ana ndi makolo amene akudalira msilikaliyo.

Nanga amene sanafike pa 100 koma sangathenso kugwira ntchito?

Akhoza kulipidwa ngati wa 100. Nthawi zambiri amafuna vuto limodzi la 60 peresenti, kapena mavuto okwana 70 pomwe limodzi lili pa 40, kuphatikizapo umboni woti mavutowo ndiwo akumulepheretsa kusunga ntchito yoti n'kudzidyetsa nayo.

Kodi pali nthawi yomwe munthu amati wachedwa?

Palibe. Alipo okalamba a ku Vietnam amene akupempha lero koyamba. Koma kuchedwa kumadya ndalama, chifukwa VA imalipira kuyambira tsiku lomwe inalandira pempho, osati tsiku lomwe munthu anayamba kudwala. Amene wapempha chaka chisanathe chitulukireni akhoza kulipidwa kuyambira tsiku lotsatira kutuluka kwake. Amene akadali pa ntchito akhoza kuyamba kupempha kutatsala masiku 180 mpaka 90 kuti atuluke. Ndipo amene akusonkhanitsabe umboni akhoza kungodziwitsa VA kuti akufuna kudzapempha, zomwe zimamusungira tsikulo kwa chaka chathunthu. Fomu yeniyeni yopemphera ndi 21-526EZ, ndipo imalembedwanso pa intaneti.

Akakanidwa, angachite chiyani?

Awerenge kalatayo mofatsa, chifukwa imanena chomwe chasowa mwa zinthu zitatu zija. Kuyambira mu February 2019 pali njira zitatu. Amene wapeza umboni watsopano amaupereka kuti aunikenso. Amene akuona kuti umboni unalipo koma wogamula analakwitsa amapempha wamkulu kuti aonenso failo yomweyo. Kapena akhoza kupita kwa oweruza a Board of Veterans' Appeals. Achite zimenezi chaka chisanathe kuti asataye tsiku lake loyamba lija. Oweruzawo akakananso, pali khoti lapadera la apilo za asilikali opuma lomwe linakhazikitsidwa mu 1988, ndipo kumeneko munthu ali ndi masiku 120 okha.

Kodi afunika kulemba loya?

Pa pempho loyamba, ayi. Mabungwe monga Disabled American Veterans, American Legion ndi Veterans of Foreign Wars ali ndi anthu ovomerezeka ndi VA omwe amathandiza ulere, ndipo lamulo sililola munthu kulipiritsa msilikali pomulembera pempho loyamba. Maloya ovomerezeka amaloledwa kulipiritsa VA ikagamula kale. PACT Act itabwera, kwachuluka makampani osavomerezeka amene amalonjeza 100 peresenti n'kumafuna ndalama za miyezi ingapo ya chipukutamisozicho. Palibe amene angalonjeze peresenti, ndipo kudyera munthu wodwala pa chinthu chomwe akanachipeza ulere n'kuipa mtima.

Nanga mwana wa ku Malawi kapena Zambia amene analowa usilikali wa America?

Ali ndi ufulu wofanana ndi wina aliyense. Anthu okhala ndi green card amaloledwa kulowa usilikali, ndipo chipukutamisozichi sichifunsa komwe munthu anabadwira kapena ngati anatenga unzika. Akaganiza zobwerera kwawo, ndalamazo zimapitirira kubwera, ndipo pali ndondomeko ya Foreign Medical Program yomwe imalipira chithandizo cha kunja pa matenda okhawo amene VA inawavomereza. Ndi bwino kumaliza zoyezedwa asanasamuke, ndi kunyamula DD214 pamodzi ndi makope a mabuku onse a chipatala. Abale adziwenso komwe mapepalawa ali, chifukwa msilikali akamwalira ndi matenda a ku usilikali, mkazi kapena mwamuna wake, ana aang'ono, ndipo nthawi zina makolo, ali ndi ndalama zawo za mwezi ndi mwezi zomwe ayenera kuzipempha okha.